Miyala ya pa Chipyela

Agogo anga aakazi, amayi awo a bambo, akationa atsikana tikunyinyirika ndi ndowa ya madzi pamutu ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Ana inu, khosi limenelo ndi la pa Chipyela. Agogo anga anasenzera miyala ya tchalitchi, inu mukulira ndi kandowa aka?" Tinkakhala ku Ndirande, ndipo Chipyela kwa ine linali dzina la m'nthano basi. Ndinkadziwa kuti kwawo kwa agogo ndi ku Likoma, kuti kayankhulidwe kawo kanali ndi kakomedwe kena kamene anzanga ankakadabwa, ndiponso kuti likafika tsiku la amayi a Mothers' Union ankalawirira kusita yunifolomu yawo ya buluu ndi yoyera ndi ayironi ya makala. Zoti ndikhale nawo pansi ndiwafunse bwinobwino za agogo awowo, dzina lawo, mudzi wawo, kumene miyalayo ankaitenga, sindinachite. Anatisiya ndili ku sekondale.

Patapita zaka zambiri azakhali anga anati akufuna kukaona manda a makolo miyendo isanawakane, ine n'kuti ndikuperekezani. Tinakwera Ilala pa Nkhata Bay chakumadzulo, limodzi ndi matumba a ufa, malata, makatoni a sopo ndi mitolo ya nkhuni. Pa Chizumulu tinaima usiku, ku Likoma tinafika kukucha. Masiku amenewo sitima inkaima patali ndi gombe, anthu n'kumatsikira m'maboti ake ang'onoang'ono, kenako kumalizitsa ulendo madzi ali m'mawondo, chikwama chili pamutu. Azakhali, amene panjira yonse ankadandaula za nyamakazi, anatsika m'botimo ngati mtsikana.

Chilumbachi n'chaching'ono, cha miyala, milambe ndi mango. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma lonse la Likoma, kuphatikiza Chizumulu, lili ndi anthu osakwana 15,000. N'chifukwa chake ukachoka pa doko la Mbamba n'kuyenda pang'ono mumchenga, tchalitchi cha St Peter's cha pa Chipyela chikatulukira, maso amayamba akana. Zithunzi zake ndinali nditaziona kambirimbiri, koma chithunzi sichikuuza kuti nyumbayi kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100, kuti ili ndi nsanja ziwiri kumaso, kuti yamangidwa mooneka ngati mtanda, ndipo pambali pake pali makonde ozungulira bwalo ndi chipinda cha mabuku. Azakhali anaima pansi pa mtengo, anakutumula mchenga m'nsapato, n'kungoti, "Tafika, mwanawe."

Funso limene linandibwerera ndi limene limabwerera mlendo aliyense: nyumba yaikulu chonchi pa kachilumba aka, ankamangira ndani? Yankho lake ndinalipeza madzulo a tsiku lomwelo nditakhala pagombe la kum'mawa. Tsidya lina mapiri a ku Mozambique amaoneka pafupi kwambiri, moti usiku nyali za ku Kobwe umaziona. Tchalitchichi sanamangire Likoma yekha. Anamangira nyanja yonse, makamaka gombe la kuvuma lija, kuyambira ku Msumba, m'dziko la Mozambique, mpaka kumtunda kumene lero ndi ku Tanzania. Likoma linali likulu, ndipo nyanja inali msewu.

Nkhani yake imayambira kutali. Mu Disembala 1857 David Livingstone anayankhula ku Cambridge, kupempha ophunzira a kumeneko kuti abwere kuno kudzalimbana ndi malonda a akapolo. Pempholo ndi limene linabala bungwe la amishoni la UMCA (Universities' Mission to Central Africa), la mpingo wa Anglican. Bishopu wawo woyamba, Charles Mackenzie, anafika mu 1861 n'kukhazikika pa Magomero, koma sanathe ngakhale chaka. Malungo anamutenga pa 31 Januwale 1862 kufupi ndi kumene Ruo amathira mu Shire. Njala, nkhondo ndi matenda zinawatha anzake, ndipo womulowa m'malo, William Tozer, anasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864. Kumeneko amishoniwo anakhala zaka pafupifupi makumi awiri akuphunzitsa ana owomboledwa ku ukapolo, namanga tchalitchi pamalo pamene panali msika wa akapolo. Ambiri mwa anawo anali ochokera kunyanja konkuno, ndipo mtima wa mishoni unali woti tsiku lina adzabwerere kwawo ndi uthenga.

Amene anatsegula njira yobwererayo ndi William Percival Johnson. Anafika kunyanja mu 1882 ndi mnzake Charles Janson, amene anamwalira atangofika kumene. Johnson anadwala maso mpaka kutsala pang'ono kukhala wakhungu, koma sanachoke. Anakhala kunyanjaku zaka 46 mpaka imfa yake ku Liuli mu 1928. Ndiye anaona kuti midzi ya kugombe la kuvuma, yopanikizika pakati pa madzi ndi mapiri chifukwa choopa Angoni ndi ogula akapolo, ingafikiridwe bwino ndi sitima. Sitimayo inabwera mzidutswa, inalumikizidwa pa Matope mu 1885, n'kupatsidwa dzina la Charles Janson. Koma sitima imafuna doko lotetezeka, ndipo amishoni ankafuna pogona pamene nkhondo singawapeze usiku. Chaka chomwecho Bishopu Charles Smythies anagwirizana ndi mfumu Chiteji wa kutsidyako kuti akhazikike pa Likoma. Chauncy Maples anafika mu 1886 kudzatsogolera ntchito ya pachilumbapo.

Malo amene anakhazikikapo dzina lake limadzifotokoza lokha. Pa Chipyela m'pamene ankapserapo anthu oganiziridwa ufiti. Ndinakhala nthawi yaitali pakhonde la tchalitchi ndikulingalira zimenezi. Ndimanyadira kuti ndine wa kunyanja, ndipo sindikondwa anthu akamakamba za makolo athu ngati anali mumdima wokhawokha. Koma pa nkhani iyi sindingabise mawu. Kuwotcha munthu wamoyo chifukwa mwana wa mnansi wadwala ndi nkhanza, ndipo amene anaimitsa zimenezo pamalo pano anachita bwino. Chimene chimandipweteka n'chakuti moto wa pa Chipyela unazima, koma m'dziko muno tikumvabe za nkhalamba zogendedwa, zothamangitsidwa m'midzi, zina kuphedwa kumene ndi adzukulu awo. Lamulo loletsa kunamizira munthu ufiti linakhazikitsidwa mu 1911, chaka chomwe tchalitchichi chinapatulidwa. Onsewo, lamulo ndi tchalitchi, apitirira zaka zana, koma agogo a anthu akugonabe ndi mantha.

Dayosizi ya kunyanja inapatukana ndi ya Zanzibar mu 1892, bishopu wake woyamba ali Wilfrid Hornby, amene sanakhalitse chifukwa cha matenda. Mu 1895 anasankha Maples, munthu amene anthu a pa Likoma ankamudziwa kale. Anadzozedwa ku London, n'kuyamba ulendo wobwerera. Pa 2 Seputembala, ali panyanja m'boti la matanga lotchedwa Sherriff, mkuntho unawapeza usiku ndipo botilo linamira. Maples anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Thupi lake linapezeka patapita masiku, ndipo anamuika ku Nkhotakota. Pa mpando wake wa ubishopu pa Likoma sanakhalepo n'tsiku limodzi lomwe. Aliyense amene anakumanapo ndi mwera pakati pa nyanja, mafunde akumenya sitima yaikulu ngati Ilala mpaka amayi kuyamba nyimbo, sangawerenge nkhaniyi ngati mbiri wamba. Sitima yachiwiri ya mishoni, imene inapangidwa ku Glasgow n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1901, anaitcha Chauncy Maples. Inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala nthawi imodzi, ikuyenda mudzi ndi mudzi.

Mwala wa maziko a St Peter's unaikidwa ndi Bishopu Gerard Trower pa 27 Januwale 1903. Wojambula mapulani ndi kuyang'anira ntchito anali Frank George. Pa 29 Seputembala 1905 tchalitchi chinatsegulidwa, ngakhale ntchito inapitirira, ndipo Bishopu Cathrew Fisher anachipatula pa 14 Novembala 1911. Masiku amenewa ali m'mabuku onse, ndipo bambo amene anatilandira n'kutiyendetsa m'katimo ankawatchula pamtima mosadodoma.

Koma taganizani za ntchitoyo. Pa chilumba panalibe galimoto, panalibe ngolo, panalibe makina onyamulira. Miyala anaiphwanya pachilumba pomwepo. Njerwa anaumba ndi kuwotcha. Mitengo ikuluikulu pa Likoma palibe, ndiye inkachokera kumtunda, kuwoloka nyanja. Simenti, malata ndi magalasi zinachokera kunja, kudzera mu Zambezi ndi Shire, kutsitsidwa pa mathithi, kusenzedwa, kukwezedwanso. Chilichonse chimene chili m'khoma limenelo, mwala, mchenga, madzi okandira dothi, chinafika pamalopo chili pamutu kapena paphewa pa munthu. Agogo ankati agogo awo ankalawirira ndi anzawo, nkhata pamutu, mwana kumsana, kupita ndi kubwerera mpaka dzuwa kufika paliwombo, kenako n'kupita kukazula chinangwa choti aviike. Ankatinso ankaimba posenzapo. Nyimboyo agogo ankaidziwa, ndipo ndimakumbukira kuti ankaing'ung'udza akamasinja, koma mawu ake anapita nawo.

M'katimo muli kuzizira kwabwino ndi fungo la lubani losakanikirana ndi la matabwa akale. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka kumipando ya kutsogolo, yosemedwa ku mwala wofewa uja wonga sopo. Ndinaugwira ndi dzanja. Ndi wosalala, woterera, ndipo m'mphepete mwake mwafika ponyezimira chifukwa cha manja ndi zigongono za anthu a mibadwo inayi kapena isanu. Zosemazo ukaziyang'anitsitsa umaona kuti sizofanana ndendende, pena mpeni unalowa kwambiri, pena wosemayo anakonza pamene panagumuka. Pamwamba pa gome lolalikirira pali kamtanda kakang'ono kamene ukhoza kukadutsa osakaona. Bambo aja anatiimitsa n'kunena kuti, "Amayi, apa musathamange. Mtengo uwu wachokera kwa Chitambo." Ndi wochokera ku mtengo umene Susi, Chuma ndi anzawo, amene ankayenda ndi Livingstone, anakwirira pansi pake mtima wake mu 1873, ku dziko limene lero ndi Zambia, asananyamule thupi lake ulendo wa miyezi yambiri mpaka kunyanja ya mchere. Nawonso anali osenza.

Kenako ndinayamba kuwerenga mayina olembedwa m'makoma ndi m'mawindo. Ndinkafunafuna chiyani, sindikudziwa bwino. Dzina la agogo a agogo anga sindilidziwa n'komwe, ndiye ngakhale likanakhalapo sindikanalizindikira. Komabe ndinazungulira, ndipo mayina ambiri amene ndinawapeza ndi a anthu ochokera ku England. Sindikuwachitira nsanje. Anthu amenewa anasiya kwawo, malamulo a bungwe lawo sankawalola kukwatira ali pantchito, malipiro awo anali ochepa, ndipo ambiri anafa ndi malungo asanafike zaka makumi anayi. Kuwakumbukira n'koyenera. Chimene ndikukana n'chakuti nkhani ya tchalitchichi izithera pa iwo. Timati "anamanga Frank George" ngati kuti munthu mmodzi angakweze khoma lotalika chonchija. Amisiri amene anaphunzira kugoba miyala pa ntchitoyi anakamanganso matchalitchi ena m'mbali mwa nyanja. Ndani amawatchula?

Ngakhale pa ntchito yolalikira, amene anakhala m'midzi chaka ndi chaka, kudya kondowole ndi usipa limodzi ndi anthu, anali aphunzitsi achikuda. Augustine Ambali, amene anawomboledwa ku ukapolo n'kuphunzira ku Zanzibar, ndiye anakuza mpingo wa ku Msumba. Yohana Abdallah, Myao, anadzozedwa unsembe mu 1898 ndipo anatumikira ku Unangu zaka zambiri. Leonard Kamungu, mwana wa kunyanja konkuno wochokera ku Chia, anakhala wansembe mu 1909, n'kupita kukayambitsa ntchito ku Msoro m'dziko la Zambia, kumene anamwalira mu 1913. Mnyanja kupita kukakhala mmishonale kudziko lina, zaka zimenezo! Ine ndinakulira mu mpingo womwewu, ndinaphunzira katekisimu, ndinalimbikitsidwa, koma dzina la Kamungu ndinalimva bwinobwino ndili wamkulu kale.

Ndipo taonani kutalika kwa nthawi imene inadutsa. Mishoni inafika pa Likoma mu 1885, koma Mmalawi woyamba kukhala bishopu anadzozedwa mu 1965, dziko litalandira kale ufulu. Zaka 80. Munthuyo anali Josiah Mtekateka, mwana wa pa Likoma pomwepo, wobadwa mu 1903, chaka chimene mwala wa maziko unaikidwa. Anakula limodzi ndi makomawo. Anatumikira nthawi yaitali ku Tanganyika asanaitanidwe kwawo, ndipo mu 1971 dayosizi itagawidwa pawiri anakhala bishopu wa dayosizi ya Lake Malawi, Bishopu Donald Arden n'kutsala ndi chigawo cha kummwera. Amishoni ankanena kuyambira pachiyambi kuti akufuna mpingo wa Aafirika wotsogozedwa ndi Aafirika. Pa sukulu ndi pa chiyankhulo anachitadi zimenezo. Pa mpando anachedwa, ndipo anachedwa kwambiri.

Malire a atsamunda ndiwo anasintha tsogolo la nyumbayi. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 linapereka gombe la kuvuma kwa Apwitikizi, koma Likoma ndi Chizumulu zinatsalira mbali ya Britain chifukwa cha mishoniyi. N'chifukwa chake lero zilumba ziwirizi ndi za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Ndikaganiza bwino, chiphaso changa cha Malawi chili ndi kena kake kochokera ku tchalitchichi. Koma malire omwewo analekanitsa mayi ndi ana ake. Ubale ndi Apwitikizi unali wovuta kuyambira kale. Mu Novembala 1911, kutangotsala masiku ochepa kuti tchalitchi chipatulidwe, msilikali wa Chipwitikizi anawombera n'kupha wansembe Arthur Douglas, amene ankayang'anira sukulu ya aphunzitsi ya St Michael's kutsidyako. Pambuyo pake mipingo ya ku Tanganyika inapatsidwa dayosizi yawoyawo mu 1952, ya ku Mozambique nayonso inachoka, sitima za mishoni zinaleka kuyenda, misewu ya kumtunda inalanda ntchito ya nyanja. Nyumba imene inamangidwa kuti ikhale pakati pa zonse inapezeka ili kumphepete.

Mu 1995 panabadwa dayosizi ya Northern Malawi, ndipo St Peter's ndiye tchalitchi chake chachikulu, ngakhale maofesi ali ku Mzuzu. Bishopu wake woyamba, Jackson Biggers, anali wa ku America. Kumeneko, monganso ku Scotland, mpingo wathuwu sautcha Anglican koma Episcopal, kutanthauza mpingo wotsogozedwa ndi mabishopu. Mwana wa azakhali amene ali ku Texas anavutika miyezi ingapo akufunafuna tchalitchi chakwawo, osadziwa kuti chikwangwani cholembedwa Episcopal chimene ankachidutsa tsiku ndi tsiku ndi chomwecho.

Kubalalika koteroko kwa ana a pa Likoma si kwa lero. Mishoni inabweretsa sukulu, chipatala ndi makina osindikizira mabuku pa chilumba chimene nthaka yake siingadyetse anthu ake. Johnson ndi anzake anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanjako Buku Lopatulika lisanatuluke. Ana, atsikana omwe, anaphunzira kuwerenga pa nthawi imene madera ambiri sukulu anali asanaione. Ndiye munthu wodziwa kulemba ndi kuwerengera atani pa miyala ndi milambe? Anakwera sitima. Anakakhala makalaliki, aphunzitsi, amisiri ndi othandiza m'zipatala ku Zomba, ku Blantyre, ku migodi ya ku Zambia, ku Harare, ku Johannesburg, ku Dar es Salaam. Agogo anga aamuna anali mmodzi wa iwo, n'chifukwa chake ine ndinabadwira ku Ndirande. Tchalitchi chinatipatsa cholembera, ndipo cholemberacho chinatichotsa pachilumba. Otsala ndiwo akusesa, akukolopa, akusonkha ndalama za malata ndi utoto kuchokera ku usipa ndi utaka. Kusamala nyumba ya msinkhu umenewu si ntchito ya anthu ochepa chonchi, ndipo ife amene tili kumtunda, amene timatchula Likoma monyadira pa maukwati ndi pa maliro, tiyenera kufunsa kuti dzanja lathu lili pati. Ineyo mpaka ulendo umenewu ndinali ndisanaperekepo ngakhale thumba limodzi la simenti.

Lamulungu tinapita ku Misa. Belu lisanalire anthu anali atayamba kale kutulukira m'tinjira tonse, a ku Madimba, a ku Khuyu, ena atavala nsapato, ena atazinyamula m'manja chifukwa cha mchenga. Anyamata otumikira kuguwa analowa ndi mtanda ndi makandulo, utsi wa lubani ukukwera m'kuwala kochokera m'mawindo. Mwambo wake ndi wautali ndipo sathamanga nawo. Nyimbo itayamba ndinamva tsitsi kuima. Sindikudziwa kuti ndi kamangidwe ka nyumbayo kapena ndi makosi a anthu a kunyanja, koma mawu amadzaza paliponse popanda chokuzira. Mawu ena a m'mapemphero anali achilendo pang'ono kwa ine, Chinyanja chakale chija, ndipo mwadzidzidzi ndinazindikira kuti ndi mmene agogo ankapempherera usiku, magetsi atazima, ife tikusinza pamphasa. Zimene anzanga ankazidabwa ku Ndirande, pano zinali pakamwa pa aliyense. Ndinalira, ndipo mayi wina amene sindimudziwa anandipatsa nsonga ya chitenje chake kuti ndipukutire.

Titatuluka, azakhali anandigwira dzanja n'kunditengera kuseri, kumbali yoyang'ana kunyanja. Anayenda m'mbali mwa khoma akuliyang'ana m'munsi, mpaka anaima pamene miyala ya maziko imaonekera, ikuluikulu, yotuwa, ina yomera ndere.

"Amayi ankandibweretsa pano ndili mwana," anatero. "Ankati agogo awo ankatula mbali ino."

"Mwala wake ndi uti, azakhali?"

"Iii, mwanawe, angadziwe ndani? Gwira uliwonse."

Ndinagwada n'kuika manja onse awiri pa mwala umene unali pafupi. Unali wofunda ndi dzuwa la m'mawa. Ndinayesa kuuyeza ndi maso kuti ungalemere bwanji pamutu, kuchokera kumene ankaphwanyako mpaka pano, mwana ali kumsana. Azakhali anakhala pansi pamchenga, anatambasula miyendo yawo yotupa, n'kuyamba kung'ung'udza kanyimbo kaja ka agogo kosinjira. Nawonso mawu ake sankawadziwa.